Ulendo wa kumudzi ndi malo akale ku Zomba: kuphiri, ku Domasi, ku Magomero kapena ku Chisi?

Munthu akafika ku Zomba ali ndi tsiku limodzi kapena awiri, nafuna kuona moyo wa kumudzi pamodzi ndi malo amene ali ndi mbiri, nthawi zambiri amangouzidwa kuti akwere kuphiri, ngati kuti mbiri yonse ya boma lino inathera pa hotela ya Ku Chawe, pamwamba pa phirilo. Komatu kuchokera pa depoti ya mumzinda pali mbali zinayi zimene munthu angalowere, ndipo mbali iliyonse ili ndi midzi yake, anthu ake ndi nkhani yake: mzinda wakale ndi midzi ya m'mbali mwa phiri, chigwa cha Domasi kwa Malemia, Magomero kufupi ndi Namadzi, ndiponso doko la Kachulu ndi chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa. Konseko ndinapondako, kwina kangapo, ndipo chimene ndinaona n'chakuti malo amene mbiri yake ndi yolemera kwambiri ndi omwenso ali ndi zochepa zoti maso aone. Ambiri mwa malowa alibe chikwangwani kapena munthu wolembedwa ntchito yofotokozera alendo. Nkhani yake ili m'mitu ya eni mudzi, motero posankha kopita mukusankhanso amene adzakusimbireni.

Miyeso inayi

Muyeso woyamba ndi ndalama. Sindilemba mitengo m'makwacha, chifukwa chiyambire pamene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi kapena wa kabaza umene wamveka mwezi uno sukhala womwewo mwezi wamawa, makamaka mafuta akayamba kuvuta. Chimene sichisintha n'chakuti pa maulendo onse anayiwa ndalama zambiri zimathera pa mayendedwe, osati pa khomo lolowera, ndipo pamwamba pake pamafunika kangachepe kothokozera munthu amene wasiya khasu lake kuti akuperekezeni.

Wachiwiri ndi kupezeka kwake, kutanthauza ngati msewu umapitika chaka chonse, ngati zoyendera zilipo tsiku lililonse, komanso ngati mudzapeza munthu wodziwa nkhani ya malowo. Wachitatu ndi kasamalidwe, ndipo apa ndikuyang'ana mbali ziwiri: mmene malowo akusamalidwira lero, ndi zimene ulendowo udzakusiyirani, kaya ndi galimoto yofuna kukaonedwa ku galaja, kaya ndi ubale umene mwauyamba ndi banja limene linakulandirani. Wachinayi ndi zoopsa, monga matenda, ngozi za panjira, malamulo a boma, ndiponso kulakwira mwambo wa eni mudzi, chinthu chimene ife a m'tauni timakonda kuchipeputsa.

Njira yoyamba: mzinda wakale ndi midzi ya m'mbali mwa phiri

Iyi ndiyo njira imene aliyense amaidziwa. Zomba inali likulu la dziko lino kuyambira mu 1891, pamene Harry Johnston anakhazikitsa boma la atsamunda, kufikira mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitirizabe kukumana m'Nyumba ya Malamulo ya kuno mpaka mu 1994. Nyumba imene lero ndi Hotel Masongola anaimanga John Buchanan mu 1886 kuti muzikhala kazembe wa Britain. Munda wa mitengo wa Botanical Gardens, umene mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo, unayambidwa mu 1891, ndipo polowa mumzinda kuchokera ku Blantyre pali chipilala chachitali chokhala ndi wotchi, chokumbutsa asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pamwamba pa phiri pali malo awiri oonerapo chigwa, amene maina ake amakumbutsa kubwera kwa amayi a Mfumukazi Elizabeth mu 1957 ndi kwa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, komanso kuli dzenje la Chingwe, limene nthano zimati kale ankaponyamo adani a mafumu kapena odwala khate.

Ndalama: Nyumba za mumzinda mukhoza kuzizungulira wapansi m'mawa umodzi osawononga zambiri. Chodula ndi phiri, chifukwa maminibasi sakwerako. Mumachita hayala takisi kapena njinga yamoto, ndipo dalaivala akati akudikireni tsiku lonse amawerengera ndi nthawi yomwe. Amene mawondo awo ali bwino amakwera wapansi kudzera kanjira kotchedwa Potato Path, kamene dzina lake linachokera kwa alimi a mbatata otsikira kumsika.

Kupezeka kwake: Pa muyeso uwu palibe njira ina yoposa iyi. Msewu wa tala umafika mpaka pa Ku Chawe, malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, ndipo anyamata operekeza alendo amapezeka tsiku lililonse. Misewu ya m'nkhalango ndiyo yafumbi, ndipo wa ku dzenje la Chingwe umafuna galimoto yamphamvu.

Kasamalidwe: Nyumba zambiri zakale zikugwirabe ntchito ngati maofesi, n'chifukwa chake zili chiimire, ngakhale kuti zina malata ndi makonde ake akuonetsa ukalamba. Nkhalango ndiyo yavulala, moti mbali zina kumene kale kunali mapaini owirira lero kwatsala zitsa. Kwa mlendo, ulendowu susiya ngongole iliyonse, pakuti anthu a kuno anazolowera alendo ongodutsa.

Zoopsa: Musajambule zithunzi pa State House, pa Cobbe Barracks kapena pa ndende yaikulu ya Zomba, mmene Orton Chirwa anamwaliramo mu 1992, musanapemphe chilolezo. Kuphiri nkhungu imatseka njira mwadzidzidzi, makamaka chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi, ndipo m'mphepete mwa dzenje la Chingwe mumaterera. Koma kwa munthu amene wadzera mudzi, vuto lalikulu la njirayi n'lakuti mudziwo sauona bwino. Mudzakumana ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, abambo okankha njinga zolemedwa mpaka mateyala kuphwa, ndi achinyamata ogulitsa masitiroberi ndi mabulosi m'mbali mwa msewu, koma onsewo ali pa ntchito ndipo alibe mpata wokhala nanu pamphasa. Mbiri imene mudzaiona ndi ya olamulira. Ya amtengatenga, amene ankasenza katundu wa nkhondo yomweyo imene chipilala chija chikukumbutsa, muyenera kukaifunsa kumidzi.

Njira yachiwiri: chigwa cha Domasi

Domasi ili kumpoto kwa mzinda, pa msewu wa M3 wopita ku Liwonde, ulendo wosakwana theka la ola pa galimoto, ndipo mishoni yake ili chakumtunda, m'chigwa cha pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa. Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anaitsegula mu 1884 m'dera la Malemia, mfumu ya Ayao, ngati nthambi ya mishoni ya Blantyre, ndipo Chiyao anachidziwa bwino mpaka kumasulira Malembo m'chinenerocho. Mu 1895 ankhondo a Kawinga, amene linga lawo linali ku phiri la Chikala, anaukira dera la Malemia, ndipo nkhondo imene boma la atsamunda linabwezera ndiyo inathetsa mphamvu za Kawinga. Mu 1929 ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi oyendera masukulu a m'midzi pamodzi ndi akazi awo, kenaka ndi mafumu omwe. Mbewu imeneyo inamera, chifukwa mpaka lero Domasi ndi dera la maphunziro, kumene kuli koleji ya aphunzitsi ndi Malawi Institute of Education. Patsogolo pang'ono pali Malosa, kumene Aangilikani ali ndi sukulu ya sekondale ndi chipatala cha St Luke's.

Ndalama: Mwa njira zonse zimene zimakufikitsani kumudzi weniweni, iyi ndiyo yotsika mtengo. Minibasi kapena Sienta imakutsitsani pa Songani kapena pa Domasi, ndipo kuchokera pamenepo wakabaza amakukwezani kumtunda.

Kupezeka kwake: Msewu wa M3 umapitika chaka chonse, ndipo ngakhale tinjira tolowera m'midzi timaterera m'dzinja, mtunda wake ndi waufupi. Anthu ofotokoza mbiri savuta kuwapeza, chifukwa mpingo wa CCAP uli ndi akulu ampingo amene makolo awo anaphunzira pamishoni pomwepo. Pitani pakati pa sabata. Lamulungu ndi tsiku lopembedza osati lofunsa mafunso, ndipo Lachisanu masana abambo ambiri a m'midzi ya Asilamu amakhala ali ku mzikiti.

Kasamalidwe: Popeza mishoniyi ikugwirabe ntchito pansi pa Sinodi ya Blantyre, malowo ali ndi eni ake owasesa ndi kuwakonza. Chofunika kuchiganizira ndi ubale umene mudzausiya. Banja limene lakuphikirani nsima ya masamba a nyemba otendera silikuiwalani, ndipo m'kucheza mudzamva za mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale koma fizi ikusowa. Ngati simungathe kuthandiza, nenani poyera ndi mwaulemu tsiku lomwelo, pajatu lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Zoopsa: Za panjira n'zochepa, kupatula akabaza amene amathamanga m'zitsikitso opanda chipewa chotetezera mutu. Zofunika kusamala ndi za mwambo. Masukulu akatsekera, makamaka mu Ogasiti, midzi yambiri ya Ayao imakhala pa zinamwali, ndipo kumene kuli ndagala mlendo safikako, ngakhale kungolozetsako kamera. Pakhomo pa Msilamu musapite ndi mowa kapena nyama ya nkhumba, ndipo mukafuna kupereka nkhuku, iperekeni yamoyo kuti aizinge okha. Amayi asaiwale chitenje m'chikwama.

Njira yachitatu: Magomero

Pa mapu a boma Magomero ili m'boma la Chiradzulu, koma ili m'malire enieni ndi Zomba, ndipo anthu amafikako potsikira pa Namadzi, pa msewu wa ku Blantyre. Kwa ine, palibe malo ena pafupi ndi mzinda uno amene anasenza mbiri yolemera chotere pa kadera kakang'ono chotere.

Mu Julayi 1861 David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya Aangilikani ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anakumana ndi gulu la akapolo pamudzi wa Mbame, namasula anthu 84, ndipo anadza nawo pa Magomero, pamalo pamene mtsinje wa Namadzi umakhota n'kuzinga mtunda. Pamenepo ndi pamene panamangidwa mishoni yoyamba m'dziko lino. Sinakhalitse, chifukwa amishoniwo analowerera nkhondo ya pakati pa Amang'anja ndi Ayao, chakudya chinasowa, ndipo matenda anawagwira. Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 kumene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Mnzake Henry Burrup anamwalira pa Magomero patangopita milungu itatu, naikidwa pomwepo. Ndipo chaka chomwecho otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa.

Patapita zaka pafupifupi 30, dera lonseli linasanduka esiteti ya banja la Bruce, mkamwini wa Livingstone. Anthu okhala pamalowo, amene ambiri anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankakakamizidwa kugwira thangata m'minda ya thonje ndi fodya ngati malipiro a malo amene anamangapo nyumba, ndipo mkulu woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, anatchuka ndi nkhanza komanso kutentha matchalitchi amene otsatira John Chilembwe ankamanga. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anafika pa Magomero, napha William Livingstone uja, natengera mutu wake ku Mbombwe, kumene Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, boma linagwetsa tchalitchi chake, ndipo mishoniyo inakhala yotseka mpaka pamene Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso mu 1926. Munthu amene nkhope yake tikuiona pa ndalama ya K2,000 sungamumvetse bwino usanaime m'minda imeneyi.

Ndalama: Zili pakatikati. Minibasi ya ku Namadzi si yodula, koma njinga yamoto yokutengani, kukudikirani ndi kukubwezani pamsewu imadya ndalama zochulukirapo, ndipo mtengo wa kupita ndi kubwera muyenera kugwirizana musanakwere. Mukafuna kuphatikiza Magomero ndi Mbombwe tsiku limodzi, pamafunika galimoto ya tsiku lonse.

Kupezeka kwake: Msewu wochokera pa Namadzi umayendeka bwino kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Chovuta kupeza ndi munthu wofotokoza, ndipo popanda iye mudzangoona manda, mtsinje ndi minda ya chimanga, n'kubwerako mukudandaula ndalama zanu. Tumizani mawu kwa anyakwawa kapena kwa atsogoleri a mpingo wa Angilikani kudakali masiku. Pa 15 Januwale ku Mbombwe kumakhala mwambo wokumbukira Chilembwe. Tsikulo ndi labwino kwa wofuna kuona khamu ndi mapemphero, koma si la munthu wofuna kukhala pansi ndi akuluakulu, komanso limagwa pakati pa dzinja.

Kasamalidwe: Nyumba za amishoni a mu 1861 zinali za mitengo ndi udzu, choncho musayembekezere kupeza khoma. Chimene chasunga malowo ndi mpingo wa Angilikani, umene umawerengera chiyambi chake m'dziko lino kuchokera pa Magomero, ndipo mu 2011 unakondwerera zaka 150. Ku Mbombwe ndiko kuli zooneka zambiri, popeza mishoniyo ili ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala.

Zoopsa: Apa ndisimbe zimene zinandigwera. Ulendo wanga woyamba mbali imeneyi, ine ndi mnzanga tinatsika njinga n'kulunjika pa kankhalango kena ka mitengo italiitali, poganiza kuti malo akale amakhala otero. Tisanalowe, mayi wina wachikulire amene ankakolola nandolo anaweramuka, nati, “Bambo, kumeneko mukufunako ndani?” Anali manda a mudziwo. Anatitengera kwa anyakwawa, ndipo tinakhala pamphasa kwa ola lathunthu, nsapato zili pambali, nduna ikufunsa kumene tachokera ndi amene watituma. Amfumu atatuluka sanakalipe. Anangoti, “Ana anga, mlendo amayamba ndi odi.” Tinapepesa, tinapereka ndalama ya nkhuku, ndipo iwo eni anatipatsa agogo ena aamuna amene anayenda nafe mpaka dzuwa kupendeka, akutilozera ndi ndodo mmene munkadutsa malire a minda ya azungu. Tikadayamba ndi odi tikadapeza agogo omwewo, nkhuku ili m'thumba mwathu.

Pali chifukwa china chimene kudzionetsa kwa amfumu kuli kofunika kuno kuposa kwina. Dera lino malo olima ndi ochepa, ndipo mbiri ya kulandidwa malo anthu sanaiiwale, motero mlendo wojambula minda ndi kulemba m'kope amakayikiridwa msanga. Ndiponso mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma ena a kum'mwera, zinatiphunzitsa kuti munthu wosadziwika sayenera kuyendayenda m'midzi madzulo popanda mwini mudzi pambali pake.

Njira yachinayi: Kachulu ndi chilumba cha Chisi

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko lino, ndipo ndi yosiyana ndi inzake chifukwa mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imathiramo koma palibe mtsinje wotulukamo. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono, ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, pamene mabwato anatsala pa matope ong'aluka. Livingstone ndi John Kirk anafika m'mbali mwake mu Epulo 1859, miyezi ingapo asanaone nyanja ya Malawi. Mu 1996 Chilwa inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha unyinji wa mbalame za m'madzi. Doko la Kachulu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa mzinda, ndipo kuchokera pamenepo mumaoloka kupita ku Chisi, kwa Mfumu Mkumbira. Mbiri ya kuno si ya nyumba za njerwa ayi; ndi ya anthu amene ankathawira pachilumba m'masiku a nkhondo ndi ukapolo, ya milambe ikuluikulu imene iliyonse ili ndi nthano yake, ndi ya zaka zimene nyanja inathawa anthu n'kuyenda wapansi pamene kale ankapalasa.

Mbali yomweyi kuli ndende ya Mikuyu, kumene boma la chipani chimodzi linkatsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anakhalako kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991. Malowo akadali m'manja mwa a ndende, choncho si oti munthu angopatukirako podutsa asanapemphe chilolezo.

Fikani pa Kachulu m'mamawa ngati mungathe. Mudzapeza matemba atayanikidwa pa thandala akunyezimira, utsi wa milamba yowamba ukuyabwa m'maso, ogula ochokera m'tauni akumangirira madengu pa njinga, ndipo mabwato akutuluka mmodzimmodzi m'kanjira ka m'mabango, wopalasa ataimirira kumbuyo akukankha pansi ndi nsungwi yaitali chifukwa madzi ndi osazama. Kutali mkati kuli zimbowera, timisasa toyandama timene asodzi amamanga pa udzu wa m'madzi n'kumakhalamo kwa milungu osaponda mtunda.

Ndalama: Iyi ndiyo njira yovuta kuiwerengera. Bwato la anthu onse ndi lotchipa koma limanyamuka likadzaza, ndipo likhoza kukudyerani theka la tsiku mukudikira. Boti la injini la hayala ndi lachangu koma mafuta ake mumalipira nokha. Tengani ndalama m'manja, chifukwa netiweki imadukaduka ndipo kudalira Airtel Money kapena Mpamba kokha kungakusiyeni padoko.

Kupezeka kwake: Zonse zimatengera nyengo. Dothi la m'chigwa cha Chilwa ndi makande, amene m'chilimwe amauma gwa koma mvula ikagwa amagwira mateyala ngati ulimbo. Amene akufuna kuona nyanja itadzaza akumbukire kuti walira mvula walira matope. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo imapereka zonse ziwiri, madzi okwanira ndi msewu wouma. M'dzinja makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane, ndipo padoko sipakhala piringupiringu wa nthawi zonse. Malo ogona alendo pachilumba musawadalire. Wofuna kugona amakonzeratu ndi amfumu kapena ndi banja lomudziwa.

Kasamalidwe: Palibe nyumba yakale yofuna kupakidwa laimu, koma galimoto yanu idzamva ulendowu, ndipo yaing'ono yotsika pansi ndi bwino kuisiya m'tauni. Mukagona pakhomo pa munthu, tengani shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira, pakuti zinthu zimenezi pachilumba zimachita kuoloka pa bwato ndipo mtengo wake ndi wokwera.

Zoopsa: Pa muyeso uwu njira iyi ndiyo yolemetsa. Kolera wakhala akubuka kawirikawiri m'madera a Chilwa, makamaka pakati pa asodzi a m'zimbowera, choncho madzi akumwa tengani anu kapena thirani klorini. Musasambe kapena kuyenda opanda nsapato m'madzi a m'mphepete chifukwa cha likodzo, ndipo udzudzu wa kuno sufuna munthu wogona popanda neti. Mwera ukayamba kuomba, nyanja yosayayi imavunduka msanga. Olokani m'mawa, bwererani dzuwa lisanapendeke, ndipo bwato likadzaza mpaka madzi kufika m'milomo mwake, tsikani mudikire lina ngakhale akusekeni.

Ndani apite kuti

Banja limene lili ndi ana aang'ono kapena agogo osatha kuyenda mtunda wautali lisankhe mzinda wakale ndi phiri, chifukwa chipatala, chakudya ndi tala zili pafupi. Chimodzimodzi aliyense amene wabwera pakati pa Disembala ndi Malichi ali ndi galimoto yaing'ono, ngakhale kuti iyeyu akhoza kuwonjezerapo Domasi ngati kwacha bwino.

Wophunzira kapena aliyense amene thumba lake ndi lopepuka, koma akufuna kudya nsima pakhomo pa munthu ndi kumva mbiri kuchokera kwa eni ake, apite ku Domasi. Ndi njiranso imene ndingauze munthu wokulira m'tauni amene sanayendepo kumudzi kwa eni, popeza akalakwitsa pang'ono anthu a kumeneko anazolowera ophunzira ndi alendo, ndipo minibasi yobwerera siili patali. Angopewa kulowa m'midzi mwachisawawa mu Ogasiti.

Aphunzitsi a mbiri amene akukonza ulendo wa ana a sekondale, ndiponso magulu a mpingo, ayenera Magomero pamodzi ndi Mbombwe, koma pokhapokha atachita zinthu ziwiri: kutumiza munthu kukaonana ndi amfumu sabata imodzi ulendo usanachitike, ndi kuphunzitsa anawo nkhani ya 1861 ndi ya 1915 asanakwere basi. Ana 60 ofika pa Magomero osadziwa kuti Burrup anali ndani kapena thangata linali chiyani adzangoona munda wa nandolo. Gulu lotere lisayerekeze kupita ku Chisi, chifukwa kuolotsa ana ambiri pa mabwato opanda majekete oyandamitsa ndi udindo umene mphunzitsi sayenera kuusenza.

Chisi ndi cha akuluakulu awiri kapena atatu athanzi, amene ali ndi masiku awiri osathamangira kwina, amene sadandaula kugona pamphasa, ndipo akuyenda pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Amene ali ndi masiku atatu ndipo akufuna kulawa zonse ayambe ndi mzinda tsiku loyamba masana, apite ku Magomero tsiku lachiwiri, ndipo tsiku lachitatu, asanasankhe pakati pa Domasi ndi Kachulu, afunse kaye amayi ogulitsa matemba mumsika waukulu wa Zomba mmene msewu wa kunyanja uliri sabata imeneyo.